Tizitsulo ta aluminiyamu tikungothyoka, kodi kukanikiza ndi jeki kungathandize?

Wamapoto_Lizulu
Moni akuluakulu pa gulu pano. Ntchito yanga ndi yosungunula aluminiyamu, ndimawumba mapoto ndi zivundikiro, ndipo pa mapoto palibe wandidandaulapo. Koma masiku ano anyamata a kabaza ndi eni zigayo akumabwera ndi tizitsulo tothyoka: chopondera mapazi cha njinga yamoto, kabulaketi ka injini ya pampu, pule yaing'ono. Amati tiwumbireni china chonga ichi poti cha ku shopu chakwera mtengo. Ndikawumba mumchenga chimatuluka chooneka bwino, ukachipala ndi fayilo chimawala, koma chikangosenza katundu chimathyoka. Pothyokapo pamakhala timabowo tating'onoting'ono, pena bowo limodzi lalikulu pakati penipeni pomwe chitsulo chachindikala. Wina wandiuza kuti ku mafakitale amachikanikiza chikadali chamadzi. Ndili ndi jeki ya lole ya matani 20. Nditapangitsa chikombole chachitsulo n'kukanikiza ndi jekiyo, zingatheke?

Kabaza_waTsangano
Madala, nkhaniyi ikutikhudza ife. Timatsika ndi matumba atatu a mbatatesi kuchokera ku Tsangano, msewu wake mukuudziwa. Chopondera chikathyokera pamtsetse ndiye kuti kwathu kwagwa zovuta.

Makaniko_Ntcheu
Matumba atatu panjinga imodzi, mlandu n'kukhala wa aluminiyamu? Aise, ngakhale cha ku fakitale sanachipangire zimenezo.

Kabaza_waTsangano
Mtengo wa petulo mukuudziwa? Tikanyamula thumba limodzi ana adya chiyani?

Wa_Germiston
Achimwene a ku Lizulu, ine ndimagwira ntchito pa fakitale yosungunula zitsulo kuno ku Germiston, kwathu ndi kwa Kampepuza. Mabowo mwawaonawo ndi amitundu iwiri ndipo chiyambi chake n'chosiyana.

Lalikulu lapakatilo, lokhakhala m'kati, limabwera chifukwa aluminiyamu akamauma amachepa. Wopanda chosakaniza amachepa ndi 6 kapena 7 pa 100, wosakaniza ndi silikoni amachepa mocheperako. Kunja ndi kumene kumayamba kuuma poti kwakhudza chikombole, pakati pochindikala pamauma pomaliza. Ngati palibe aluminiyamu wina wamadzi woti atsikire pamenepo kukadzaza, pamatsala mphako.

Timabowo tating'ono tozungulira, tosalala m'kati, tomwazika paliponse, timeneto ndi mpweya wa hydrogen. Umachokera ku chinyezi: mchenga wonyowa kwambiri, makala osauma, sikirapu ya oyilo ndi penti, ngakhale nkhungu ya kwathuko ya mu June. Aluminiyamu akakhala wamadzi amamwa mpweyawu pafupifupi ka 20 kuposa umene angasunge atauma, ndiye pouma amaulavula, n'kukodwa m'kati momwemo. Mukamawonjezera moto ndi pamene amamwa wambiri. Amasungunuka pa madigiri 660, wa silikoni wambiri ngakhale pa 577, choncho palibe chifukwa chomufikitsa pofiira psuu masanasana. Pa 700 mpaka 730 pakwana.

Kukanikiza kumagwira pa mavuto awiri onsewo. Presha imakankhira wamadzi uja m'mipata yomwe ikutseguka, komanso mpweya umalephera kupanga thovu, monga botolo la Fanta losatsegula lomwe thovu silioneka mpaka utachotsa chitsekerero. Komanso chitsulo chopanikizidwa chimamatirira khoma la chikombole, chimazizira msanga, timibulu ta m'kati mwake timakhala tating'ono, ndiye chimalimba. Njira imeneyi amati squeeze casting. Maganizo anu sali kutali ayi, koma jeki yokha si nkhani yonse.

Agogo_Mlangeni
Ana inu mumakonda makina. Ife tinayamba kuwumba mapule a zigayo inu musanabadwe, popanda jeki. Pothirira pazikhala patali, ikani kachitini kobowola pamwamba pa bokosi la mchenga kuti chitsulo chizitsika kuchokera mmwamba. Kulemera kwake komweko ndiye presha. Ndipo pochindikala paja muziika mutu wina wapadera pamwamba pake, waukulu bwino, woti uziyamwitsa pamene pakuuma. Mukamaliza mumaudula ndi sowo n'kuubwezera mumphika.

Sir_waBembeke
Agogo, za mutu woyamwitsa zija n'zoona kwathunthu, ndipo ndikukhulupirira kuti ndizo zikusowa kwa a Wamapoto, chifukwa poto ndi wopyapyala paliponse, safuna mutu, pamene bulaketi imafuna. Koma za kutalika kwa pothirira tiyeni tiwerengere. Aluminiyamu wamadzi amalemera pafupifupi magalamu 2.4 pa sentimita imodzi ya kiyubiki. Mutathira kuchokera pa mulu wotalika mita yathunthu, presha yake pansi ndi pafupifupi 0.24 bar basi (bar ndi muyeso wa presha, MPa nayenso chimodzimodzi). Kachitini ka masentimita 15 ndiye sitinganene n'komwe. Squeeze casting imafuna 500 mpaka 1,500 bar, kapena kuti 50 mpaka 150 MPa. Kusiyana kwake n'kwa masauzande.

Tsono jeki ija. Matani 20 ndi mphamvu pafupifupi 200 kN. Kuti mufike 100 MPa, malo okanikizidwa asapitirire masikweya sentimita 20, kutanthauza chinthu chozungulira cha masentimita 5 m'mimba mwake. Mutavomera 50 MPa mufika masentimita 7. Kuposa apo jekiyo yachepa. Bushi kapena pule yaing'ono ikhoza kulowa, china chachikulu ayi.

Agogo_Mlangeni
Masamu anuwo sindikukana, aphunzitsi. Koma mapule anga akuzungulirabe mpaka lero ku Biriwiri uko.

Makaniko_Ntcheu
Pule simanyamula munthu, agogo. Imangozungulira.

Chipiliro_MUBAS
Ine ndikuona ngati tikuzungulira. Njira yeniyeni ndi high pressure die casting, yowombera chitsulo chamadzi m'chikombole ndi presha yayikulu. Zivundikiro za injini za njinga zonsezi, ma Lifo ndi ma King Lion omwe, amapanga choncho. Kampani ya magalimoto ya Tesla inagula makina a kampani ya Idra ya ku Italy a matani 6,000, mbali yonse ya pansi kumbuyo kwa galimoto yawo ya Model Y imatuluka chitsulo chimodzi. Presha ikachuluka kulimba kumachulukanso, basi.

Wa_Germiston
Mng'ono wanga, pamenepo ndikutsutsa, ndipo makina amtundu umenewo ndi omwe ndimaima nawo usiku wonse. Presha ndi yayikulu inde, koma taona momwe chitsulo chimalowera. Pisitoni imachiwombera pakabowo kopapatiza pa liwiro la mamita 30 mpaka 60 pa sekondi, chikombole chimadzaza sekondi isanakwane. Pa liwiro limenelo chimalowa chikuwazika, n'kukulunga mpweya womwe unali m'chikombolemo. Presha yomaliza imangofinya mpweyawo kukhala timadontho tosaoneka ndi maso, koma ulimo. Umboni wake amakaniko akuudziwa: yesa kuwotcherera chivundikiro cha injini ya njinga, chimalavula, chimatulutsa zakuda. Ukachiika mu uvuni wa madigiri 500 kuti uchikhwimitse chimatuluka matuza thupi lonse. N'chifukwa chake njira imeneyi ndi ya zinthu zopyapyala zofunika zambirimbiri motchipa. Akafuna kuigwiritsa ntchito pa zigawo zonyamula galimoto amayamba ayamwa mpweya m'chikombole ndi vakyumu, ndipo aluminiyamu wake ndi wosankhidwa mwapadera.

Tenga limu ya aluminiyamu ya galimoto, yomwe imagunda maenje a pa M1 tsiku ndi tsiku. Zambiri amazipanga ndi presha yochepa kwambiri, yosafika ngakhale 1 bar, yochepa kuposa ya m'tayala la njinga. Ng'anjo imakhala pansi yotsekedwa, chikombole pamwamba, pakati pali paipi yomira mu aluminiyamu. Akapopera mpweya pang'ono m'ng'anjomo, chitsulo chimakwera paipi mwakachetechete, chimadzaza kuyambira pansi, osawazika, ndipo chimachokera pakati pa mphika pomwe palibe makoko. Presha ija imakhalapobe mpaka limu itauma, paipi n'kumayamwitsabe. Ndiye chinsinsi ndi kulowa mofatsa kenako kukanikiza pamene chikuuma. Squeeze casting imatenga zonse ziwiri, kuthira mofatsa ndi presha yayikulu pambuyo.

Makaniko_Ntcheu
Za kuwotcherera zija ndavomera. Chivundikiro cha kilachi chikang'ambika ndimangouza mwini wake kuti akagule china, gasi wanga asapite pachabe.

Chipiliro_MUBAS
Chabwino akulu, ndamva. Koma ndiye bwanji mafakitale onse sangosamukira ku squeeze casting?

Wa_Germiston
Imachedwa, zikombole zimatha msanga, ndipo imakonda zinthu zosavuta maonekedwe. Si yatsopano ayi. Katswiri wa zitsulo wa ku Russia, Dmitry Chernov, anaganiza kale mu 1878 zopanikiza chitsulo pamene chikuuma, ndipo a ku Soviet Union ndi omwe anadzailimbikira pambuyo pake. Toyota mu 1983 anatulutsa mapisitoni a dizilo opangidwa motero, ataika ulusi wa seramiki pamalo a ring'i yapamwamba, presha n'kukankhira aluminiyamu pakati pa ulusiwo. Amaisankha pomwe kulimba kuli kofunika kuposa kuchuluka.

NaPhiri_waDedza
Pepani abambo, ndilowe ndi yanga ngakhale ili pambali. Ine ndimaphika nsima ndi nyemba pa lesitilanti yanga m'mapoto omwewa owumba. Ndinawerengapo kuti ku Cameroon anayeza mapoto otere n'kupeza mtovu ukutuluka kulowa m'chakudya. A Wamapoto, mumaika chiyani mumphika mwanu?

Wamapoto_Lizulu
Mayi, ine ndimagula sikirapu kwa anyamata otolera: mapisitoni, zivundikiro za injini, mapoto akale obooka, zitini za zakumwa, nthawi zina limu yosweka. Za mabatire sindiyandikira n'komwe.

Sir_waBembeke
Kafukufuku wa ku Cameroon uja alikodi, anatuluka mu 2014. Mtovu sulowa kudzera m'mabatire mokha. Pa limu ya galimoto pamakhala tizitsulo tolemera tomwe amamata pobalansa tayala, tambiri mwa ito ndi ta mtovu. Palinso soda yolumikizira zitsulo (solder) ya m'maredieta akale ndi ya pamawaya. Kamodzi kokha kakalowa mumphika, mtovu wafalikira mapoto onse a tsiku limenelo. Za mapoto ophikira, sikirapu yabwino ndi mapoto akale a ku fakitale, osati za injini.

NaPhiri_waDedza
Ndiye muzilemba chizindikiro pa poto kuti tidziwe. Ife pamsika timangoona kuwala.

Kabaza_waTsangano
Ine nyemba za pa boma ndadya zaka zonsezi ndili bwinobwino.

NaPhiri_waDedza
Wonyamula matumba atatu panjinga angatiuze kuti mutu uli bwinobwino?

Admin_Gulu
Hahaha mayi mwamupweteka mnyamata. Nkhani ya mtovu ndi yofunika, tiitsegulire ulusi wakewake. Pano tibwerere ku jeki.

Wa_Germiston
Mndandanda wa sikirapu mwatchulawo, achimwene, ndi theka la vuto lanu, ndipo jeki singakonze limenelo. Mukusakaniza mitundu isanu ya aluminiyamu mumphika umodzi. Zitini zilibe silikoni woti chitsulo chiziyenda bwino m'chikombole, ndipo poti n'zopyapyala zambiri zimangopsa kukhala makoko. Zivundikiro za injini, zomwe zambiri ndi mtundu wa ADC12 kapena A380, zili ndi mkuwa komanso ayironi wofika 1 pa 100 kapena kuposa. Ayironiyo amamusiya dala kuti chitsulo chisamamatire chikombole, koma mukachithira mumchenga n'kuzizira pang'onopang'ono, ayironi amapanga timasingano tating'ono m'kati, ndipo mng'alu umatsata timeneto. Mapisitoni ali ndi silikoni pafupifupi 12 pa 100, sadyeka msanga, ndi abwino pa bushi ndi pule, koma sapindika, amangoduka. Wabwino pa chinthu chonyamula katundu ndi wa limu, A356, silikoni 7 pa 100 ndi magineziyamu pang'ono. Muzisungunula malimu paokha, mutachotsa timitovu tija ndi valavu.

Funso lina: mumasungunulira mu chiyani?

Wamapoto_Lizulu
M'silinda ya gasi yodula pakati. Imandikhalitsa miyezi ingapo kenako imabooka pansi.

Wa_Germiston
Chitsulo chomwe chasowa pobookapo chapita kuti? Chili m'mabulaketi anu. Aluminiyamu wamadzi amadya chitsulo. Ngati mphika wa girafaiti (chinthu chakuda chonga cha m'kati mwa pensulo) simungaupeze, silindayo muziipaka dothi losalala losungunula m'madzi m'kati, iume bwino pamoto musanaikemo kanthu. Chipande chowolera makoko chimodzimodzi. Ndipo musamatakase mwamphamvu, chikopa chapamwamba chija chikalowa m'kati chimakhala ngati mng'alu wokonzeratu.

Agogo_Mlangeni
Pamenepo mwana wa kwa Kampepuza wanena zoona. Ife tinkawaza mchere wouma pang'ono pamwamba, makoko ankasonkhana okha. Koma wouma, ndikubwereza. Dontho la madzi mu aluminiyamu wosungunuka limaphulika kufika padenga. Zipangizo zonse ziziyamba zaotha moto. Chinanso, chenjerani ndi zitsulo zopepuka modabwitsa, monga za makina ochekera matabwa aja. Zina ndi magineziyamu, zikayaka moto wake ndi woyera wothobwa m'maso ndipo madzi amaukolezera. Palani pang'ono mudonthezepo viniga. Chikachita thovu, tayani kutali ndi ng'anjo.

Makaniko_Ntcheu
Ine ndinene mosapsatira. Chopondera, chogwirira buleki, chilichonse chomwe moyo wa munthu watsamirapo, musawumbe, kaya ndi jeki kaya popanda jeki. Chogwirira buleki chotchipa cha ku shopu chomwe, chowumbidwa ku fakitale, njinga ikagwa chimaduka pakati, pamene chosula chimangopindika. Nanga cha pa makala? Chopondera ndimapanga ndi fulatiba ya chitsulo wamba, kuwotcherera, kupaka penti. N'cholemera, sichiwala, koma chisanathyoke chimayamba chapindika, munthu n'kuona.

Wamapoto_Lizulu
Ndiye mukufuna makasitomala onse abwere kwa inu, bwana makaniko?

Makaniko_Ntcheu
Abwere amoyo. Inu tengani mapule, mabushi, zotsekera mapampu othirira, timawilo ta mageti. Kudimba kuno ndi ku Bwanje ntchito imeneyo ndi yosatha.

Sir_waBembeke
Ndipotu squeeze casting ya jeki singatulutse chopondera ngakhale mutafuna. Chili ndi makutu ndi mabowo a m'mbali, chikombole chake chiyenera kutseguka pawiri ndi kupirira matani 20 osayasama. Chomwe chingatheke ndi kutulutsa chibuluma chozungulira cholimba bwino, kenako n'kukachisema pa lathe, makina ozunguza chitsulo pochisema.

Lathe_Chimbiya
Apa ndiye pafika panga. Chikombole chotere ndingathe kusema: paipi yochindikala kapena chidutswa cha shafuti ya lole, chobowola motsetsereka pang'ono kuti chinthu chizituluka, pansi pake pulagi yochotseka, pamwamba pisitoni yachitsulo yolowa mothina. Ku fakitale amagwiritsa ntchito chitsulo chapadera chopirira kutentha cha H13, ife tilibe, koma poyesera shafuti ikwana. Chondidetsa nkhawa ndi mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma. Ukakula, aluminiyamu wamoto afwamphukira mmwamba, kumaso kwa wopopa jeki. Ukachepa kwambiri, zikatentha zigwirana.

Wa_Germiston
Nkhawa yanu ndi yoona, ndipo pali ina yoposa apo: nthawi. Kachinthu ka masentimita 5 m'chikombole chachitsulo kamayamba kuuma m'masekondi ochepa. Jeki ya pamanja ukapopa kamodzi imayenda mamilimita ochepa chabe. Mukamafika pa matani 20 mudzakhala mukukanikiza chinthu chouma kale, phindu palibe. Ndiye chikombole ndi pisitoni yake zitenthedwe kaye kufika madigiri 200 mpaka 300, muzipake girafaiti kapena mwaye wa nyali kuti zisamatirire. Jeki ikhale itakwezedwa kale moti patsale kampata kongokwana kulowetsa chikombole. Anthu awiri, wina wothira wina wopopa. Jeki zoyendera mpweya wa kompuresa zija n'zabwinopo chifukwa zimathamanga. Presha ikhalepo mpaka chiume chonse, theka la miniti kapena miniti. Felemu ikhale ya chanelo yochindikala, osati tizitsulo ta bedi, ndipo pakati pa chikombole ndi anthu pakhale lata lachitsulo lotchinga. Nsapato zachikopa, osati zapulasitiki kapena masilipasi.

Muyezenso mlingo wothira. M'njira imeneyi mulibe mutu wodula, chomwe mwathira ndicho kutalika kwa chinthu chanu.

Chipiliro_MUBAS
Nanga pa mabushi bwanji osangozunguza chikombole ndi mota? Chitsulo chimakankhikira kukhoma chokha, makoko ndi mpweya zimasonkhana m'kati momwe mudzaseme kale. Bowo lapakati limabwera laulere.

Lathe_Chimbiya
Centrifugal casting imeneyo ndinaionapo pa mabushi a buronzi, imagwira. Koma chivundikiro chikamasuka uli pa liwiro, shedi yonse ilandira mvula yamoto. Ine ndiyambe ndi ya jeki.

Kabaza_waTsangano
Zonsezi chopondera changa chili pati?

Makaniko_Ntcheu
Chili pa fulatiba. Bwera nayo njingayo.

Wamapoto_Lizulu
A ku Germiston, mwatchula zokhwimitsa mu uvuni. Nditawumba ndi wa limu, ndingakhwimitse pa makala?

Wa_Germiston
Pa makala ayi. Limu imalimba chifukwa cha zomwe amati T6: amaiika pa madigiri pafupifupi 540 kwa maola angapo, n'kuiviika msanga m'madzi otentha, kenako pa madigiri pafupifupi 155 kwa maola ena angapo. Gawo lachiwirilo ngakhale uvuni wamagetsi wophikira makeke ungathe. Loyambalo ndi lovuta chifukwa mukangopyola ndi madigiri 15 kapena 20 chinthucho chimayamba kusungunuka m'kati, chawonongeka. Pamafunika uvuni wokhala ndi choyezera kutentha chodalirika, ngati a owumba mbale ndi makapu ku Dedza boma. Dziwaninso kuti mukasungunula limu T6 yake yatha, mwayambiranso, ndipo magineziyamu amapsa pang'ono nthawi iliyonse mwabwereza kusungunula. Ubwino wa chinthu chokanikizidwa bwino ndi woti chimalola T6 popanda matuza. Koma pa pule ndi bushi simukuifuna n'komwe.

Agogo_Mlangeni
Ine ndikuti ayambe ndi mutu woyamwitsa ndi sikirapu yosankha. Aone kusintha asanawononge ndalama pa shafuti.

Sir_waBembeke
Zitheke zonse, tiyerekeze. Mphika umodzi wa aluminiyamu wa limu, zibuluma zitatu zofanana: china mumchenga monga mwa masiku onse, china mumchenga ndi mutu wa agogo, china cha jeki. Kuyeza kwake sikufuna labu. Yezani chilichonse pa sikelo, kenako ikani kapu ya madzi pa sikelo, ibwezeni pa ziro, mumize chibulumacho chili pa ulusi osakhudza pansi. Nambala yachiwiriyo m'magalamu ndiye kukula kwake m'masentimita a kiyubiki. Gawani yoyamba ndi yachiwiri. A356 wopanda mabowo amapereka pafupifupi 2.68. Chikapereka 2.55 ndiye kuti pafupifupi magawo 5 pa 100 ndi mphepo. Mukatero muzicheke pakati ndi sowo, mupale ndi sandipepa wosalala, mutitumizire zithunzi. Chofunika ndi sikelo yowerenga tizigawo ta galamu, ya nyama ija singathandize.

Lathe_Chimbiya
Shafuti ndili nayo kale, ya Fuso. A Wamapoto nditumizireni kukula kwa mutu wa jeki yanu ndi kutalika kwake ikakhala yotsitsa, ndidziwe felemu.

NaPhiri_waDedza
Sikelo ya magalamu ilipo kwa mlamu wanga wogulitsa mbewu za masamba. Ndimubwereka, koma a Wamapoto mubwere ndi poto mmodzi wa mapoto akale okhaokha, wa malita 10, mtengo tikambirana.